Boti likakana kuthamanga pa Shire, musathamangire kumasula kabuleta

Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri pamadooko a m'chigwa cha Shire, kaya ndi ku Chikwawa, ku Bangula kapena ku Nsanje, ndi lakuti injini yafooka. Mwini boti amati chaka chatha inkauluka, lero ikungolira osapita patsogolo. Chotsatira ndi kuitana makaniko, kumasula kabuleta, kusintha mapulagi, mwinanso kuyamba kusunga ndalama zogulira injini yaikulu. Nthawi zina vuto limakhaladi m'kati mwa injini. Koma kambiri injiniyo imakhala ili bwinobwino, mphamvu yake ikutayikira kunja: pa pulopela yosayenera, pa msinkhu womwe injini yamangidwa kuthabwa la kumbuyo, pa kupendekeka kwake, ndiponso pomwe katundu wakhala. Zimenezi ndizo zimapereka liwiro, ndipo ndi zomwezonso zimachititsa kuti boti limvere chiwongolero kapena lichite makani pokhota.

Tisanagwire sipanala, boti lanulo ndi lamtundu wanji? Pali maboti omwe amayenda akukankha madzi, ndipo pali ena omwe amatha kukwera pamwamba pa madzi n'kumatsetsereka. Maboti akuluakulu amatabwa, onga omwe amawolotsa anthu, njinga ndi matumba a chimanga pa Mtayamoyo chikokolokereni njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, ali m'gulu loyambalo. Boti lotere limapanga funde kumutu ndi lina kumbuyo. Likamawonjezera liwiro, mafunde awiriwo amatalikirana mpaka boti lonse limakhala pakati pawo, likuyesa kukwera funde lomwe likupanga lokha. Apo lafika pamalire, ndipo malirewo amatengera kutalika kwa boti, osati kukula kwa injini. Boti la mamita 8 malire ake ali cha pa makilomita 13 pa ola. Mukapatsa moto kupitirira apo, kumbuyo kumatitimira, mutu umaloza kumwamba, petulo akungopsa, liwiro osasintha kwenikweni. Mwini boti lotere apindula pobweza moto pang'ono ndi kugula pulopela yokoka katundu, basi.

Zambiri zomwe ndifotokoze pano zikukhudza gulu lachiwiri, maboti opepuka a faiba ndi aluminiyamu, omwe ambiri tinawaona akupulumutsa anthu pa madzi osefukira a January 2015, ndi pa anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Boti lotere likapatsidwa moto limayamba ladzutsa mutu, kenako limadumpha funde lake lija, mutu n'kutsika, ndipo limayamba kutsetsereka gawo laling'ono chabe la mimba yake likukhudza madzi. Ntchito yonse yokonza liwiro yagona pamenepo: kulithandiza boti kukwera msanga, ndiponso kuti likakwera likhale chokhazikika.

Simungakonze chinthu chomwe simunachiyeze. Khutu limanama, ndipo phokoso la injini si liwiro. Mufunika zinthu ziwiri. China ndi kachipangizo kowerenga kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi, zomwe timalemba kuti rpm. Kalipo kakang'ono kotsika mtengo komwe waya wake mumangokulunga pa waya wa pulagi. China ndi foni yokhala ndi GPS yoonetsa liwiro. Koma pa Shire pali msampha: madzi akuyenda. Mukatsika ndi madzi foni ikhoza kuonetsa makilomita 40, pobwerera n'kuonetsa 34. Liwiro lenileni la boti ndi lapakati, 37. Choncho muyeso uliwonse ukhale wopita ndi wobwerera, pamalo amodzimodzi, ndi katundu yemweyo. Yesaninso nthawi yofanana ya tsiku. Mpweya wotentha ndi wopyapyala, injini imapuma wochepa, ndiye mphamvu imatsika. Mu October ndi November, pomwe kutentha ku Nsanje ndi ku Ngabu kumapitirira madigiri 40, boti lomwe munaliyeza m'mamawa silingapereke manambala omwewo dzuwa lili paliwombo. Ndipo musinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukasintha pulopela ndi msinkhu nthawi imodzi, simudziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga.

Nambala yofunika kuposa zonse ndi rpm yomwe injini ikufika mutatsegula moto wonse, boti litanyamula katundu wake wa masiku onse. Opanga injini amalemba malire ake m'buku. Yamaha Enduro ya 40 HP (HP ndi muyeso wa mphamvu ya injini), yomwe ndi yodziwika kwambiri pamadzi athu, iyenera kufika pakati pa 4500 ndi 5500. Injini zambiri zazikulu za four-stroke, zomwe oyilo sasakanizidwa ndi petulo, zimafuna pakati pa 5000 ndi 6000. Chomwe chimaika injini m'malire amenewa ndi pulopela.

Tengani pulopela yanu muyang'ane pakhosi pake kapena kumbuyo kwa phiko. Mupeza manambala awiri, mwachitsanzo 11 1/8 x 13. Yoyamba ndi kukula kwa bwalo lomwe mapiko amazungulira, m'mainchesi. Yachiwiri ndi pitch, mtunda womwe pulopela ikanayenda pa kuzungulira kumodzi ikanakhala kuti sikuterereka m'madzi, panopa mainchesi 13. Pitch ili ngati giya ya njinga. Wakabaza akanyamula matumba awiri n'kuika giya yolemera pokwera mtunda, miyendo imalemedwa ndipo sapita patali. Akaika yopepuka kwambiri pamalo osalala, amangopalasa mofulumira osapita mtunda. Pitch yaikulu ndi giya yolemera. Kusintha pitch ndi inchi imodzi kumasintha rpm ndi 150 mpaka 200. Mukakweza pitch, rpm imatsika. Mukatsitsa, imakwera.

Nachi chitsanzo. Injini ya 40 ili ndi pulopela ya 13, boti lanyamula anthu asanu ndi mafuta, moto wonse koma rpm yakakamira pa 4200. Injini imeneyi yalemedwa. Ikumwa mafuta ambiri, ikutentha m'kati, mwaye ukuunjikana pa mapisitoni, ndipo ikukalamba msanga. Mukaikapo ya 11, rpm ikwera ndi 300 kapena 400, n'kulowa m'malire oyenera. Chomwe chimadabwitsa ambiri n'chakuti liwiro nalo limakwera, chifukwa injini yafika pomwe imatulutsa mphamvu zake zonse. Apa ndi pomwe ndimatsutsana ndi maganizo ofala akuti nambala yaikulu pa pulopela ndiye liwiro lalikulu. Zimatero pokhapokha injini ili ndi mphamvu yoizunguza. Mbali inayo nayo ndi yoopsa: pulopela ya pitch yochepa kwambiri pa boti lopanda katundu imapititsa rpm pamwamba pa malire, ndipo injini yokuwa chonchi sikhalitsa.

N'chifukwa chake boti logwira ntchito ziwiri, lero lanyamula anthu awiri okayendera asodzi m'dambo la Elephant Marsh, mawa ladzaza ufa ndi mabulangete kupita ku Makhanga, liyenera kukhala ndi mapulopela awiri. Kusintha kumatenga mphindi zochepa, ndipo inayo imalowa m'malo tsiku lomwe mwagunda chitsa.

Pali kasamu kena komwe kamaulula zambiri. Mu Enduro 40, injini ikazungulira pafupifupi kawiri pulopela imazungulira kamodzi. Pa 5200 rpm, pulopela ikuzungulira ka 2600 pa mphindi. Chulukitsani ndi mainchesi 13, musandutse kukhala makilomita, mupeza pafupifupi 51 ndi theka pa ola. Limenelo ndi liwiro la papepala. Madzi si thabwa, pulopela imatererekamo ndithu, ndipo pa boti lotsetsereka bwino zotayika zimakhala pakati pa 10 ndi 20 pa 100 iliyonse. Foni ikaonetsa 44, zinthu zili bwino. Ikaonetsa 35 pa rpm yomweyo, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu likutayika, ndipo kabuleta alibe mlandu. Kayang'aneni mapiko. Mchenga wa mu Shire, makamaka kumunsi kwa Chiromo komwe Ruo amathira zake, umadya nsonga za mapiko pang'onopang'ono mpaka pulopela imachepa osazindikira. Yendetsani chala m'mphepete mwa phiko: ngati mwakumbika, mwapindika kapena phiko lina lafupika, mwapeza mbala ya liwiro lanu. Phiko lopindika limanjenjemeretsanso shafiti, n'kuononga masilo, timipira totchinga madzi, a m'mwendo wa injini, gawo lija lotsikira m'madzi.

Ngati mapiko ali bwino, kayikirani rabala yomwe ili pakati pa pulopela. Ntchito yake ndi kuterereka mukagunda chinthu kuti magiya apulumuke, koma ikaterereka kamodzi siigwiranso bwino. Zizindikiro zake: pa moto wochepa boti likuyenda, mukapatsa moto injini ikukuwa koma boti osakankhika. Lembani mzere ndi penti kapena msomali kuchoka pachitsulo chapakati kufika pathupi la pulopela, yendani pang'ono, mubwere muone. Mzere ukaduka pakati, rabala yatha.

Ena amafunsa za pulopela ya chitsulo chosachita dzimbiri. N'zoona kuti mapiko ake ndi opyapyala, sapindika ndi mphamvu, amagwira madzi bwino ndipo amapirira mchenga. Pa injini yaikulu, pamadzi akuya oyera, imapereka liwiro loposa ya aluminiyamu. Koma m'nyengo ya mvula Shire amabwera ndi zitsa ndi mitengo yobisala m'madzi ofiira. Ya aluminiyamu ikagunda imapindika kapena kuthyoka phiko, inu n'kuikapo ina. Yachitsulo simagonja msanga, ndiye nkhonya yambiri imapita ku shafiti ndi magiya, omwe mtengo wake ndi wina. Kwa ine, pa injini ya 15 mpaka 60 yoyenda mumtsinje uno, aluminiyamu ndiyo nzeru.

Tsopano msinkhu wa injini. Pamwamba penipeni pa pulopela pali chitsulo chophwatalala chopingasa, chomwe ntchito yake ndi kutchinga mpweya wa pamwamba kuti usakokedwere m'mapiko. Boti lili pamtunda, injini itaima chilili, gonekani thabwa lowongoka pansi pa mimba ya boti litulukire kumbuyo mpaka likafike pamwendo wa injini. Chitsulo chija chikhale mulingo umodzi ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo osapitirira mamilimita 25. Apo ndi poyambira. Kulakwa komwe kumaoneka kwambiri ndi kumanga injini ya mwendo wautali, wa mainchesi 20, pa boti lomwe thabwa lake la kumbuyo linapangidwira mwendo waufupi wa mainchesi 15. Mwendo umamira mopitirira ndi mainchesi asanu. Umakoka madzi pachabe, umamwaza madzi m'mbali, umadzutsa mutu wa boti, chiwongolero chimalemera, ndipo pa mchenga uliwonse wobisika ndinu oyamba kukhula. Mankhwala ake ndi kukweza thabwalo ndi mtengo wolimba womangidwa bwino ndi mabawuti, osati kungopanikiza kachidutswa pansi pa zomangira.

Pa injini zazikulu zomangidwa ndi mabawuti, mabowo amatalikirana pafupifupi mamilimita 19. Kwezani bowo limodzi, kayeseni, lembani manambala. Nthawi zambiri rpm imakwera pang'ono ndipo liwiro limawonjezeka. Boti likutsetsereka pa liwiro, mnzanu asuzumire kumbuyo atagwira zolimba: chitsulo chija chizioneka chikusambira pamwamba pa madzi. Chikakwiririka, injini ikadali pansi. Eni maboti othamanga kwambiri amaika chomangira chotchedwa jack plate, chomwe chimabweza injini m'mbuyo ndi kulola kuikweza kapena kuitsitsa mosavuta. Madzi akatuluka pansi pa boti amakwera, ndiye injini yomwe yabwezedwa m'mbuyo imatha kukhala pamwamba pang'ono n'kumalumabe madzi.

Koma kukweza kuli ndi malire awiri. Oyamba: pulopela ikayandikira pamwamba imayamwa mpweya, makamaka pokhota. Mumamva injini yakuwa mwadzidzidzi, boti n'kufooka pakati pa kona, nthawi yomwe mukufuna mphamvu kuti madzi asakukankhireni kugombe kapena m'bango. Mukatero bwezani moto mpaka pulopela igwirenso. Izi n'zosiyana ndi vuto lina lomwe anthu amalisokoneza nalo, pomwe madzi amawira kumbuyo kwa phiko chifukwa cha kuchepa kwa mphamvu yowapanikiza, tithovu take n'kumaphulika pachitsulo ndi kusiya timaenje tooneka ngati tadyedwa. Limenelo limayamba kawirikawiri ndi phiko lokumbika. Malire achiwiri ndi oopsa kwambiri: timabowo toyamwira madzi oziziritsa injini tili pamwendo pomwepo. Tikatuluka m'madzi, injini ipsa m'mphindi zochepa. Mtsinje wokhotakhota ngati Shire wa kumunsi kwa Chikwawa umafuna kuti musiye bowo limodzi pansi pa msinkhu womwe wakupatsani liwiro lalikulu pamzere wowongoka. Kilomita imodzi pa ola yomwe mwataya simudzaifuna, koma kugwira kwa pulopela pakona mudzakufuna tsiku lililonse.

Kupendekeka kwa injini, komwe ambiri amangoti trim, n'kosavuta kumva. Mwendo ukayandikira kuboti, pulopela imakankhira kumbuyo kwa boti m'mwamba, mutu umatsika, boti limakwera msanga pamadzi. Mwendo ukatalikira, mutu umadzuka, mimba yokhudza madzi imachepa, liwiro limakwera. Okhala ndi batani amanyamuka mwendo uli m'kati, boti likakwera n'kumautulutsa pang'onopang'ono akuyang'ana foni. Liwiro likasiya kukwera pomwe rpm ikukwerabe, kapena mutu ukayamba kudumphadumpha ukumenya madzi, mwapitirira, bwezani pang'ono. Musanalowe pakona, bwezaninso. Pa injini zing'onozing'ono mulibe batani, muli kachitsulo kolowetsa m'mabowo anayi kapena asanu. Pamenepo mukusankha bowo limodzi la ulendo wonse, ndiye sankhani molingana ndi katundu wa tsikulo.

Mwendo wolowa m'kati kwambiri pa liwiro lalikulu ndi ngozi yomwe ambiri saidziwa. Mutu umakumba madzi n'kuyamba kuwongolera boti wokha. Mukakhota mwamphamvu, mutu umaluma, kumbuyo kumatsetsereka mozungulira, ndipo munthu wokhala m'mphepete amaponyedwa m'madzi. Maboti othamanga kwambiri okhala ndi mimba yosongoka ali ndi vuto lina, logwedezeka uku ndi uku pomwe atsala pang'ono kufika pa liwiro lawo lonse. Likayamba, musadule moto mwadzidzidzi: bwezani trim ndi moto mofatsa, kenako kafufuzeni ngati chiwongolero kapena zomangira injini zili ndi mpata wogwedera.

Zonsezi katundu amatha kuzifafaniza. Woyendetsa ali kumbuyo, thanki ili kumbuyo, batire ili kumbuyo, ndiye okwera nawo amathawira kumbuyo poopa kunyowa. Boti limalephera kudumpha funde lake. Musanagule chilichonse, sunthani thanki ndi matumba olemera apite pakati, ndipo ponyamuka nenani mwaulemu, "Achimwene, tasunthirani kutsogoloko pang'ono, tikakwera mubwerera." Nthawi zambiri boti limakwera pompo. Katundu akhalenso pansi ndi wofanana mbali zonse, chifukwa boti lopendekeka limakokera mbali imodzi.

Likamakokerabe mbali imodzi pomwe katundu wakhala bwino, yang'anani kachipsepse kakang'ono komwe kali kunsi kwa chitsulo chophwatalala chija, kumbuyo kwa pulopela. Pulopela pozungulira imapotoza injini, ndipo kachipsepseko ndi kolimbana ndi zimenezo. Boti likamakokera kumanja, masulani bawuti yake, musunthe mchira wake pang'ono kupita kumanja komweko. Likamakokera kumanzere, kumanzere. Pa injini zambiri kachitsulo kameneka kamadyeka dala kuti kateteze mwendo ku dzimbiri, ndiye musakapake penti.

Mimba ya boti ikhale yoyera ndi yosalala, makamaka mita yomalizira kumbuyo, pomwe boti limatsamira likamathamanga. Ndere ndi matope a boti logona padooko zimadya liwiro ndithu. Onaninso ngati madzi sanalowe pansi pa pulanka ya boti la faiba, chifukwa lita iliyonse ndi kilogalamu yomwe mukunyamula ulele.

Za m'kati mwa injini ndinena zochepa, koma ziwiri sizingadumphidwe. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo wina mwa ethanol ameneyu amapangidwa konkuno ku Chikwawa ndi kampani ya PressCane kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, choncho petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amasonkhanitsa madzi pansi. Sefa yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi injini imapulumutsa kabuleta ku matenda ambiri omwe amamunamizira. Pa injini ya two-stroke, yosakaniza petulo ndi oyilo pa mulingo wa 50:1, malita 20 a petulo amafuna mamililita 400 a oyilo wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3. Kuthira wambiri "kuti injini isavutike" kumangodetsa mapulagi. Chachiwiri ndi kampira kopopa madzi oziziritsa. Madzi amchenga amakadya msanga, ndiye kasintheni chaka chilichonse osadikira kuti kafe, ndipo diso lizibwerera pafupipafupi ku kamkodzo ka madzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Kamkodzoko kakafooka, mwina namasupuni kapena jumbo yatseka timabowo toyamwira. Zimitsani injini, itukuleni mwendo utuluke, muchotse zinyalala muli m'boti. Musapise mkono m'madzi a Shire, ng'ona sizichenjeza. Mwendo uli pamwamba chomwecho, onani ngati ulusi wa ukonde sunakulungike kuseri kwa pulopela, chifukwa umadula silo, madzi n'kulowa mu oyilo wa magiya mpaka kuyera ngati mkaka.

Mukandifunsa kuti boti lokonzedwa bwino la mtsinje uno ndi liti, sindiloza lomwe laonetsa nambala yaikulu pafoni. Ndiloza lomwe limakwera pamadzi msanga lili ndi katundu, n'kukhalabe pamwamba ngakhale mwabweza moto. Boti lotere limamwa mafuta ochepa, limadutsa pamadzi osaya, ndipo limakupatsani nthawi yoona makutu a mvuu kapena khwinya la madzi losonyeza mchenga. Kuti mufike pamenepo, sankhani pitch yomwe ikuika rpm m'kati mwa malire koma chakumtunda, boti litadzaza. Pulopela ya mapiko anayi, kapena chipsepse chachikulu chomangirira pachitsulo chophwatalala chija, zimathandiza kunyamula kumbuyo, ngakhale zimadyako pang'ono liwiro lapamwamba. Dziwaninso kuti funde lalikulu limatuluka pomwe boti lili pakati, mutu uli m'mwamba lisanakwere. Podutsa msodzi m'bwato losema kapena amayi okumba nyika m'dambo, kubweza moto theka ndiye kuwamiza. Bwezani msanga mukadali patali mpaka boti ligone pansi, mudutse mwakachetechete.

Poyesa zonsezi, sankhani malo owongoka, akuya, omwe mukuwadziwa, opanda maukonde. Aliyense avale jekete yoyandamitsa, ndipo chingwe chozimitsira injini chikhale chomangidwa padzanja kapena pamwendo wanu, osati cholendewera painjini. Manambala a ulendo uliwonse alembeni m'kope: pitch, bowo la msinkhu, bowo la trim, katundu, rpm, liwiro lopita ndi lobwerera. Miyezi ikapita, rpm ikadzatsika ndi 300 pa katundu yemweyo, pulopela ili bwino ndipo mimba ili yoyera, pamenepo ndiye muitane makaniko ayeze mphamvu ya m'masilinda ndi kutsegula kabuleta.